MPHEPO YA M'MBALI: MAU A MNZATHU WOYENDETSA NDEGE PA MSONKHANO WA PACHAKA

 Mwandipempha kuti ndikambe za ntchito yanga yoyendetsa ndege zazing'ono. Ine ndasankha kukuuzani za tsiku limene ndinalakwa.

Ndege imatera bwino ikamayang'anana ndi mphepo. Koma msewu woterapo sutembenuka, ndipo mabwalo ambiri a kumidzi ali ndi msewu umodzi wokha. Choncho nthawi zina mphepo imaomba kuchokera m'mbali, nimakankhira ndege kunja kwa msewu.

Apa mpamene masamu a sine, amene ena a ife tinkawathawa mu Fomu 3, amagwira ntchito. Mphepo ikapatuka ndi madigiri 30 kuchoka pa msewu, theka la mphamvu yake limakukankha cham'mbali. Pa madigiri 60, pafupifupi yonse. Buku la ndege ya Cessna 172 limati ndegeyi inayesedwa kutera pa mphepo ya m'mbali ya ma knots 15, ndiye kuti makilomita pafupifupi 28 pa ola. Sikuti ndi malire a lamulo, koma wanzeru amawalemekeza.

Tsikulo munali mu July, nyengo ya mwera. Ndinanyamula anthu awiri kupita ku bwalo lina la udzu kufupi ndi nyanja. Msewu wake unaloza kummwera, madigiri 180, pomwe mphepo inkachokera cha pa 120, kumanzere kwanga. Chisokosi choonetsa mphepo chinali chitaongokeratu, ndipo ndinayerekeza kuti ikufika ma knots 20. Mukawerenga mupeza kuti 17 anali a m'mbali. Ndinadziwa zimenezi. Koma alendo anga anali ndi msonkhano, ndipo ine ndinachita manyazi kubwerera.

Njira yake ndinaphunzitsidwa bwino. Umatsitsa phiko la kumene kukuchokera mphepo, nupondereza pedulo ya mbali inayo kuti mphuno iloze msewu. Tayala la kumphepo ndilo liyambe kugunda pansi. Zonsezi ndinachita. Koma matayala atangokhudza udzu, mtima unakhala pansi ndipo ndinabweza chiongolero pakati. Kulakwa kwake kunali kumeneko. Liwiro likamachepa, chiongolero chimafooka, motero uyenera kuchipindirabe kumphepo mpaka kumapeto.

Mphepo inalowa pansi pa phiko lakumanzere nkulinyamula. Inakankhanso mchira, mphuno nkutembenukira kumanzere. Tinatuluka mu msewu, tayala la kutsogolo linalowa m'kadzenje nkuthyoka, pulopela nkumenya dothi. Palibe anavulala, koma mayi amene anakhala kumbuyo sanathe kuyankhula kwa kanthawi. Manja ake ankangonjenjemera. Nkhope yawo ndimaikumbukira kufikira lero.

Ngozi za mtundu umenewu kawirikawiri zimachitika ndege itagunda kale pansi, woyendetsa ataganiza kuti ntchito yatha. Ndipo mankhwala ake ndinali nawo m'manja: kuonjezera moto, kukweranso m'mwamba ndi kuyesanso, kapena kupita ku bwalo lina kumene msewu ukuyang'anana ndi mphepo. Mafuta ndinali nawo okwanira. Chimene ndinasowa ndi kudzichepetsa. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Alendo anga msonkhano uja sanaupezenso.

Anzanga, pakati pathu pali madalaivala, anamwino, aphunzitsi ndi amalonda. Mukadzakwera kandege, woyendetsa nkukuuzani kuti lero sititera pano, musamuumirize. Munthu ameneyo akukusungirani moyo. Ndipo kwa ana athu amene akufuna ntchito imeneyi, auzeni asathawe masamu ndi sayansi monga tinkachitira ena a ife.

Kwa aphunzitsi athu a masamu, amene ndikuwaona akumwetulira pamzere wa kutsogolo, ndikuti: bambo, sine uja ndinamumva ndithu, vuto linali kusamvera.