Mawu a mlendo wolemekezeka pa mwambo wolandira bodi yatsopano ya SACCO ya alimi ku Mchinji

 

Ndathokoza pondiitana. Ino ndi Seputembala, ndipo ndikudziwa kuti ambiri mwasiya makasu kumunda, mwadukiza kusosa ndi kupanga mizere, kuti mudzaone anthu amene mwawasankha akulandira makiyi. Ena mwapalasa njinga kuchokera kwa Mkanda, ena ku Kapiri, ena kwa Kamwendo. Sindikusungani nthawi yaitali, koma nkhani ya ngongole za alimi ndakhala nayo moyo wanga wonse, ndiye mundilole ndiyambire kutali pang'ono.

Ndinayamba ntchito ya ulangizi ndili mnyamata, m'zaka za m'ma 1980. Masiku amenewo ngongole ya feteleza ndi mbewu inkabwera kudzera m'makalabu a alimi, ndipo kuyambira mu 1988 inkayendetsedwa ndi bungwe la boma lotchedwa SACA. Lamulo lake linali limodzi ndipo aliyense ankalidziwa: mmodzi akapanda kubweza, kalabu yonse silandira chaka chamawa. Ndimakumbukira mlembi wa kalabu ina, bambo wachikulire, amene ankasunga mayina ndi matumba a aliyense m'kope la ana asukulu, atalikulunga m'pepala la shuga kuopa mvula. Ikafika Juni, iye ndi wapampando ankalawirira mbandakucha kukagogoda kwa amene watsalira. Sankapita ndi apolisi. Ankakhala pakhonde, kupatsana moni, kufunsana za ana, kenako n'kutsegula kope lija. Mwininyumba ankadziwa yekha kuti mbuzi ili m'kholayo ipita kumsika. M'zaka zimenezo alimi a m'dziko muno ankabweza ndalama zoposa 90 pa 100 iliyonse, ndipo anthu akunja ankabwera kudzafunsa kuti a Malawi mumatani.

Kenako kunagwa chilala cha 1992. Chimanga chinauma chisanamasule, alimi analephera kubweza, ndipo mlandu sunali wawo. Koma mmene tinkalowa mu riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, m'midzi munayamba kuyenda mawu akuti ngongole ya boma sibwezedwa. Amene anabweza anaoneka ngati opusa pamaso pa amene sanabweze. Pasanathe zaka zitatu dongosolo lonse linagwa, ndipo mu 1994 ntchitoyo inapita m'manja mwa Malawi Rural Finance Company. Chilala chija chinatha ndi mvula ya chaka chotsatira, koma mawu aja akadali m'mitu ya anthu mpaka lero. Ndinaona ndi maso anga alimi akhama akusowa kokongola chifukwa cha anzawo amene anauzidwa kuti asabweze.

Ndafotokoza zimenezi kuti inu a bodi yatsopano mudziwe chimene mwalandira lero. Ndalama za SACCO ino sizinachokere ku Capital Hill, sizinachokere kunja. Ndi masheya ndi ndalama zosunga za anthu akhala pamaudzu apawa: mayi wogulitsa zitumbuwa, mphunzitsi wa pulaimale, mlimi amene anagulitsa matumba atatu a mtedza n'kubweretsa kuno theka la ndalamazo m'malo mogula malata. Mukamakhala pansi kuvomereza ngongole, mukhala mukugawa thukuta la anthu amenewa.

Mwachita bwino posankha alimi ndi anthu abizinesi kuti akhale patebulo limodzi. Ku America kuli mabungwe a ngongole za ulimi otchedwa Farm Credit, amene anayamba ndi lamulo la mu 1916. Kumeneko alimi okongolawo ndi amene amasankha anzawo kukhala m'bodi, ndipo pambali pawo amaikapo munthu wakunja wodziwa za ndalama, kuti pakhale wina wofunsa mafunso amene mlimi sangawaganize. Nzeru yake ndi yomweyi mwaichita pano. Mutu umodzi susenza denga. Koma kukhala patebulo limodzi sikokwanira ngati aliyense sabweretsa chimene amadziwa, ndiye ndilankhule nanu gulu ndi gulu.

Ndiyambe ndi inu alimi amene muli m'bodi. Takuikani pamenepo chifukwa mumadziwa nthawi. Ngongole ya golosale ikachedwa ndi mwezi umodzi, mwini golosale amangodikira. Ya mlimi ikachedwa ndi mwezi umodzi, chaka chonse chapita. Feteleza wokulitsa amafunika pobzala kapena chimanga chitangomera, wobereketsa amatsatira patatha masabata atatu kapena anayi. Mvula sidikira kuti komiti ikumane.

Chaka china ndinaperekeza alimi kukalandira zipangizo za ngongole ku bungwe lina limene sindilitchula. Mafomu anadzazidwa mu Okutobala, koma galimoto ya feteleza inafika pakati pa Januwale. Panali mayi wina wamasiye amene munda wake ndinkaudziwa bwino. Chimanga chake chinali chofika m'mawondo, chachikasu, masamba apansi atayamba kuuma. Anadinda chala pafomu, anasenza thumba lake, koma panyumba panalibe ufa ndipo ana anali atagona ndi njala masiku awiri. Madzulo a tsiku lomwelo thumba lija linali pa njinga ya venda, pamtengo wolira. Itafika Meyi, ngongole inali yonse pamodzi ndi chiwongoladzanja chake, nkhokwe ilibe kanthu. M'mabuku a bungwelo mayiyo analembedwa kuti ndi wosakhulupirika. Ine ndinalipo, ndipo ndikuti mayiyo sanalakwe. Analakwa ndi anthu amene anakhala pamsonkhano mu Novembala n'kunena kuti nkhaniyi tidzaiona pa msonkhano wotsatira.

Choncho alimi inu, mukalowa m'chipinda cha bodi, musachite manyazi ndi ming'alu ya kumapazi kwanu kapena ndi Chingerezi cha m'mapepala. Mapepala mungapemphe kuti akumasulireni, ndipo ndi ufulu wanu kutero. Koma palibe wina m'chipindamo amene angakuuzeni kuti mbewu ya soya iyenera kukhala m'nyumba mwa mlimi mwezi uti. Imani nji pa tsiku. Nenani kuti ngongole za dzinja lino zikhale zitavomerezedwa Okutobala asanathe, ndipo amene sitingathe kumuthandiza timuuze msanga kuti akayang'ane kwina. Kumukana munthu mu Seputembala ndi chifundo poyerekeza ndi kumulola mu Januwale.

Tsiku lobweza nalonso muliyang'ane. Tonse tikudziwa kuti mu Epulo ndi Meyi, mbewu zikangochoka kumunda, mavenda amakhala atapachika kale masikelo awo pansi pa mitengo, ndipo nthawi imeneyi ndi imene mtengo umakhala wotsikitsitsa. Boma limalengeza mitengo yoyambira chaka ndi chaka, koma mlimi amene akuthamangitsidwa ndi ngongole sakhala ndi mphamvu zokanira. Ngati SACCO ikufuna ndalama zake zonse pa 31 Meyi, ndiye kuti SACCO yomweyo ndi imene yamutengera mlimi wake kwa venda. Ganizirani zogawa kubwezako, kapena zolola kuti mlimi asunge mbewu zake m'nkhokwe yodalirika, alandire risiti, risitiyo ikhale chikole mpaka mtengo utakwera. Njira imeneyi ilipo kale m'dziko muno, a bungwe la ACE akhala akuichita.

Tsopano inu abizinesi. Inu mumadziwa kuti ndalama imene yalowa m'kabati si phindu lonse. Mumadziwa kuwerenga mabuku, ndipo tikufuna muziwerengadi, mwezi ndi mwezi, osangodikira owerengera ndalama a kumapeto kwa chaka. Funsani manijala kuti ngongole zimene zadutsa masiku 30 osabwezedwa ndi zingati, zili kwa ndani, ndipo achitapo chiyani. Funsani kuti ngati soya atagwa mtengo chaka chino, ndi gawo lanji la ndalama zathu limene lili mu soya yekha. Kuno ku Mchinji pafupifupi tonse timadalira mvula imodzi, ndiye ikavuta timavutika tonse nthawi imodzi, ndipo SACCO imene yakongoza ndalama zonse popanda kusiya zina pambali imagwa pamodzi ndi alimi ake.

Mukumbukirenso zimene zinachitika mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, dzinja lili pakhomo. Mlimi amene anavomerezedwa ndalama zogulira matumba anayi anapezeka kuti sizikukwananso. Zinthu zoterezi inu mumaziona zikubwera msanga kuposa ife, chifukwa mumakhala mukupikula katundu. Gwiritsani ntchito maso amenewo pothandiza bodi. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi: musamuyeze mlimi ndi muyezo wa wamalonda a mumsika. Wogulitsa kaunjika amabweza sabata ndi sabata chifukwa ndalama yake imazungulira tsiku lililonse. Mlimi wa chimanga amaika ndalama m'nthaka mu Disembala n'kudzaionanso patatha miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Mukamuuza kuti azibweza mwezi ndi mwezi kuyambira Januwale, mwamutumiza kwa a katapila.

Pali nkhani ina imene pa misonkhano ngati uno anthu amailambalala, koma ine ndiinena chifukwa ndi imene yagwetsa magulu ambiri amene ndawaona. Nonse a m'bodi ndinu mamembala, ndipo muli ndi ufulu wokongola ngati wina aliyense. Ena mumagulitsa feteleza ndi mbewu, ena mumagula soya ndi mtedza. Muli ndi alamu, apongozi, ana a achemwali anu, ndipo kuyambira mawa onsewa adziwa njira ya kunyumba kwanu. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Fomu ya mbale wanu ikafika patebulo, nenani poyera kuti uyu ndi wanga, tulukani panja, anzanu agamule. SACCO ikafuna kugula zipangizo ndipo sitolo yanu ili m'gulu la ofuna kugulitsa, chitani chimodzimodzi, ndipo mlembi alembe m'mabuku kuti munatuluka. Ngongole yanu inu eni izikhala yoyamba kubwezedwa. Bambo wa kope uja ankatha kugogoda pakhomo la aliyense chifukwa dzina lake linali loyamba kukhwatchidwa. Wapampando amene ali ndi ngongole yodutsa nthawi sangatume munthu kukalanda mbuzi ya mayi wamasiye, ndipo mudzi wonse umadziwa.

Andale nawonso adzabwera, makamaka chisankho chikayandikira. A khansala muli pano ndipo ndikunena mwaulemu. Alandireni bwino, apatseni mpando, ngati akufuna agule masheya ngati wina aliyense. Koma mndandanda wa okongola usalembedwe kunja kwa ofesi ino, ndipo wina asadzaime pa nsanja kuuza mamembala kuti ngongole zakhululukidwa. A Gogo Chalo ndi mafumu, apa tikudalira inu, chifukwa mawu otere akayamba amayambira m'midzi yanu.

Za malamulo sinditalikitsa, anzathu a MUSCCO, bungwe la ma SACCO, akuphunzitsani. Lamulo la ma SACCO la mu 2011 linaika mabungwe ngati lino pansi pa diso la Reserve Bank, ndipo malipoti amene amafuna azipita pa nthawi yake. Komiti yoyang'anira imene mamembala asankha si mdani wanu, ipatseni mabuku ikawafuna. Ntchito ya tsiku ndi tsiku musiyire manijala ndi antchito ake, inu muziika malamulo n'kumaona ngati akutsatidwa.

Amayi amene mwalowa m'bodi, ndakondwa kukuonani. Ambiri mwa inu mwaphunzirira ntchitoyi ku banki mkhonde, kumene bokosi limakhala ndi maloko atatu ndipo makiyi amasunga anthu atatu osiyana. Mwambo umenewo mubwere nawo kuno, ndipo mukaona chokhota muzilankhula.

Mamembala, inunso musati tasankha, tathana nazo. Bwerani ku msonkhano waukulu wa pachaka, funsani za masheya anu, ndipo mukakolola musazembetse mbewu usiku kuwoloka nazo malire kuti SACCO isaone. Amene adzasowe ngongole chaka chamawa chifukwa cha zimenezo ndi mnansi wanu.

A bodi yotuluka, tathokoza chifukwa cha zaka zimene mwatumikira, misonkhano imene munkabwera pa njinga zanu mvula ili pamsana. A wapampando atsopano, ndapempha kuti msonkhano wanu woyamba uchitike mwezi uno usanathe, ndipo nkhani yoyamba ikhale ya ngongole za dzinja lino. Ndi mawu amenewa, ndikupempha a bodi yatsopano kuti aimirire, abwere kutsogolo kuno kuti anthu awaone, ndipo a wapampando otuluka apereke makiyi ndi mabuku.