Bwalo Lalikulu la ku Salamanca

 Mudatipempha kuti tikusimbireni za ulendo wathu wa ku Spain. Tidaona zambiri, ndipo titati tinene zonse dzuŵa lingatiloŵere pompano. Tsono tasankhapo malo amodzi okha, ndiwo bwalo lalikulu la mumzinda wa Salamanca, limene eni ake amalitcha Plaza Mayor.

Salamanca ndi mzinda wakalekale. Uli cha kumadzulo kwa Madrid, mtunda wa makilomita pafupifupi 200, m'mbali mwa mtsinje wa Tormes, ndipo umatchuka ndi sukulu yake ya ukachenjede imene idayamba m'chaka cha 1218. Tidafikako masana. Titayenda m'timiseu topanikizika tidaloŵa pa chipata china, ndipo tidangoona bwalo lonse lili poyera patsogolo pathu. Tonse tidangoti kakasi.

Taganizani bwalo lalikulu ngati la mpira, loyalidwa miyala, lozingidwa mbali zonse zinayi ndi nyumba zosanja zogwirana popanda mpata. Pansi pake pali khonde lozungulira bwalo lonse, lokhala ndi zipata 88 zokhota pamwamba, kotero kuti munthu angathe kuzungulira osanyowa ndi mvula. Mwala wake adaukumba ku Villamayor, mudzi wapafupi, ndipo dzuŵa likapendeka umaŵala ngati uchi.

Ntchito yomanga idayamba mu 1729, m'nthaŵi ya Mfumu Felipe V, motsogozedwa ndi mmisiri Alberto de Churriguera. Idatha mu 1755 m'manja mwa mmisiri wina, Andrés García de Quiñones, amene adamanga nyumba ya khonsolo ya mzinda, pamene pali wotchi yaikulu. Mwina mufunsa kuti zaka 26 zonsezo ankachitanji. Ntchito idaima zaka zambiri chifukwa ena mwa eni nyumba za pamalopo adakana kuti zigumulidwe, nakasuma ku khoti. Milandu ya malo sidayambe lero, amayi.

Koma chimene chidatigwira mtima ndi ichi. Pakati pa zipata zija, m'mwamba pang'ono, adasemapo nkhope za anthu m'timabwalo ta mwala. Mbali ina kuli mafumu a dzikolo. Kwina kuli Cristóbal Colón, amene ambiri timamdziŵa kuti Columbus, kuli mlembi wamkulu Cervantes, kulinso Mngelezi Wellington amene adagonjetsa ankhondo a ku France pafupi ndi mzindawu mu 1812. Ife tidayamba kufunafuna nkhope za amayi. Tidapeza Mfumukazi Isabel, tidapezanso Teresa wa ku Ávila, koma kunena zoona zala za manja athu zidatsala zambiri. Timabwalo tina n'topanda kanthu, tikudikirabe mwini wake.

Pali malo amodzi pamene padali nkhope koma lero palibe. Mu 1936 m'dziko la Spain mudabuka nkhondo ya pachiŵeniŵeni, mbale kupha mbale wake, mpaka 1939. Kuchiyambi kwa nkhondoyo mkulu wa asilikali, Francisco Franco, adaika likulu lake mu Salamanca momwemo, ndipo mu 1937 nkhope yake idasemedwa pabwaloli, mbali ya mafumu, ngakhale iye sadali mfumu. Atapambana adalamulira ndi dzanja lachitsulo mpaka imfa yake mu 1975. Anthu ambirimbiri adaphedwa, ena nakwiriridwa m'maenje opanda dzina, abale ao osadziŵa kokalira.

Mwini wake atamwalira, nkhope idakhalabe pomwepo zaka zina 42. Kaŵirikaŵiri anthu okwiya ankaithira utoto, a khonsolo n'kutsuka, ena n'kudzathiranso. Mu 2007 dziko lidakhazikitsa lamulo lochotsa zizindikiro zotamanda ulamuliro uja, komabe mkangano udapitirira mpaka m'mwezi wa Juni 2017 pamene amisiri adaidula pakhoma naichotsa. Ena ankati isiyeni, mbiri ndi mbiri ngakhale ikhale yoŵaŵa. Ena ankati bwalo lino ndi la tonse, nanga mwana amene bambo wake adatengedwa usiku osabweranso azikhala bwanji pansi pa nkhope imeneyo?

Ifenso tidakambirana nkhaniyi titakhala pomwepo, ndipo sitidagwirizane msanga. Ambiri a ife tidaona kuti ochotsa adakhoza, pakuti nkhope za pabwalo limenelija n'zaulemu, si buku la mbiri ai. Koma mayi wina mwa ife, amene adaphunzitsa ana zaka zambiri, adati iye nkhaŵa yake ili pa adzukulu: akaona malo osalala aja osauzidwa kanthu, adzayesa kuti sipadakhalepo chinthu. Palibe adamyankha.

Madzulo atafika tidamvetsa chifukwa chake anthu amalimbirana khoma la mwala chomwecho. Nyali zitayaka, mzinda wonse udakhamukira pabwalopo. Agogo ankayenda pang'onopang'ono atakoloŵekana mikono, ana a sukulu adakhala pansi pa miyala m'timagulu, makanda ali m'tingolo tao, ndipo panalibe wofulumira. Kale, akuti, anyamata ankazungulira bwalo kuloŵera mbali ina, atsikana mbali ina, kuti azikumana maso kaŵiri pa ulendo uliwonse wozungulira. Musaseke, amayi, nafenso tidali ndi njira ya kuchitsime. Mpaka lero anthu akafuna kukumana amangopangana kuti tikapezane pansi pa wotchi.

Tidamwa khofi pa Café Novelty, imene idatsegulidwa mu 1905. Mtengo wake tisaunene, atate a kunyumba ali pano. Anthu a kumeneko amadya mgonero mochedwa, cha m'ma 9 kapena 10 koloko usiku, choncho pamene ife tinkasinza, iwo n'kuti akungoyamba kumene. Mmodzi wa ife adasokera m'chipiringu, koma poti tidaatengerako mwambo wao, tidakampeza ataima pansi pa wotchi, chikwama chili m'khwapa. Idaali itangolira 11 koloko, ndipo tidasiya ana akuthamangitsanabe pakati pa bwalo.