MAULENDO A MAI ROOSEVELT

Lero ndifuna kukamba za Mai Eleanor Roosevelt, mkazi wa Franklin Roosevelt amene anali Pulezidenti wa dziko la America kuyambira 1933 kufikira 1945.

Bambo Roosevelt anapuwala miyendo m'chaka cha 1921, ndipo sanathe kuyendera malo ambiri. Tsono akazi awo ndiwo anali kupita m'malo mwawo, nabwera kudzawauza zimene aona. Pamene bamboyo anali Bwanamkubwa wa New York, maiwo anayendera chipatala china, nabwerera ndi mau akuti odwala akudya bwino, pakuti anawerenga pepala la zakudya. Amuna awo anawafunsa ngati anasuzumira m'miphika pamoto. Kuyambira pamenepo anaphunzira kubvundukula miphika ndi kutsegula zitseko zotseka.

Inu mafumu mudziwa zimene timachita mlendo wamkulu akamadza. Timalambula mseu, ana ayimba, ndipo timpititsa ku munda umodzi wa mizere yabwino, koma uko kwakokoloka nthaka timlambalalitsa. Mlendo apita wokondwa, chigwembe nichikhala pomwepo. Mai Roosevelt sanali mlendo wotere.

M'mwezi wa August 1933 anafika ku Scotts Run, m'dera la West Virginia, kumene anthu okumba malasha anali atachotsedwa ntchito. Analowa m'nyumba zawo, napeza ana a njala ndi madzi akuda oyenda pakhomo. Atabwerera anakakamiza Boma, ndipo linagula malo ndi kumanga mudzi wa Arthurdale, wa nyumba 165, banja lirilonse ndi munda wake wa maekala owerengeka ndi makola a ziweto. Maiwo anabwerako kawirikawiri, kugawa masatifiketi kwa ana a sukulu ndi kubvina pamodzi ndi eni mudzi.

Koma si zonse zinayenda bwino ai. Nyumba 50 zoyamba zinagulidwa zopangiratu, ndipo zitafika zinapezeka zosalingana ndi maziko, ndiponso zolowa mphepo nyengo yachisanu. Ndalama zinaonongeka zambiri. Minda inadyetsa mabanja, koma mafakitale amene anayembekezeka kupatsa anthu ntchito sanakhalitse, ndipo munda waung'ono wotere sugula nsapato. Pofika 1947 Boma linali litagulitsa nyumba zonse, natulukamo. Zambiri mwa nyumbazo zikali chiimire, ndipo mukukhala anthu.