KUJAMBULA ANTHU ALI PA NCHITO ZAO

Cithunzi cimene ambiri acizoloŵera ndi cija munthu aimirira cilili atabvala jekete, maso ali tong'o ngati msilikali. Koma pali kajambulidwe kena kamene kaonetsa anthu monga momwe aliri: mai akupima nshawa pa msika wa pa Katete, mnyamata akukankha njinga ya makala pa mseu waukuru pa Sinda, kapena mlimi wa ku Vubwi akumanga ng'ombe pa ngolo yace.

Nchito yotereyi inapepuka m'caka ca 1925, pamene kamera yaing'ono ya Leica inayamba kugulitsidwa ku Germany. Filimu yace ya 35mm itenga zithunzi 36, ndipo munthu saona kanthu kufikira filimuyo itatsukidwa. Cifukwa cace wojambula wanzeru satayitsa cithunzi, koma akonzeratu kamera yace asanafike pa anthu.

Makonzedwe ace ndi awa. Ndi filimu ya liŵiro la 400, monga Kodak Tri-X, pa dzuŵa loŵala aika khomo la kuunika pa f/16, ndi cotsekera pa 1/500, kuti woyenda asaturuke mbuu. Ngati diso la kamera liri la 35mm, aika mtunda pa mapazi 10. Pamenepo zonse zoyambira pa mapazi 5 kufikira kutali zituruka bwino, osafunanso kupotoza kanthu. Akaloŵa pa mthunzi wa mtengo wa mango atsegula khomolo kufika pa f/5.6, koma tsono mtunda uyenera kupimidwa mosamala. Filimu idana ndi kutentha kwa mwezi wa October, ndipo pfumbi la m'mseu likanda diso la kamera. Zonse ziŵiri zikhale m'thumba, pa mthunzi.

Cotsalira ndico kudekha. Henri Cartier-Bresson wa ku France anali kudetsa mbali zonyezimira za Leica yace kuti isakope maso. Wojambula wa kuno apambana ndi ulemu: apereka moni, agula nthoci, nakhala pansi kufikira anthu atamuiŵala.

Komabe si zonse zooneka ziri zojambula. Pa Kulamba, mwambo wa Aceŵa ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi m'mwezi wa August, Gule Wamkulu abvina poyera, ndipo wojambula atsata malangizo a eni mwambo; koma kudambwe kamera siloŵa. Pa maliro, ndi pa odwala a m'cipatala ca St Francis, ayamba wapempha. Munthu akakana, kamera itsike msanga, pakuti nkhope ndi ya mwini wace. Ndipo filimu ikatsukidwa, wojambula wabwino abwerera ndi cithunzi cimodzi kukapatsa mai uja wa nshawa. Ulendo wina adzamlandira ngati mbale.