Ndinabwerera pa chishalo ndili ndi zaka 46



Mwandipempha kuti ndifotokoze chimene chinandichotsa pa mpikisano wa njinga kwa zaka 19. Ena nkhaniyi mumaidziwa kale, poti mumainena ine kulibe. Lero imveni kwa mwini wake.

Ndinali ndi zaka 27. Mpikisano unali wochokera ku Blantyre kukathera ku Zomba, ndipo ndinali nditalengeza kuntchito ndi kwa apongozi omwe kuti palibe wondigwira. Titangotuluka mu Limbe ndinawathawa anzanga onse. Pa Njuli ndinali ndekha kutsogolo, ndikumwetulira anthu. Madzi sindinamwe, nthochi ndinakana, ati zikundilemera. Pofika pa Namadzi minofu ya m'ntchafu inayamba kukokana. Gulu lonse linandidutsa ngati ndaima.

Chimene chinandiwawa si chimenecho ai. Tikuyandikira pa Thondwe anandipeza bambo wina wachikulire, atamanga matumba awiri a makala pa njinga yake yopanda magiya, kuphazi patapata. Anandiyang'ana mwachisoni nati, "Pepani achimwene, kodi mwadwala?" Kenaka anandipitirira. Ine ndinalowa mu Zomba pa lole yotola otsalira, njinga ili pamiyendo, apongozi akudikira ndi nkhuku yophika kale. Kuyambira tsikulo dzina langa linali Amakala. Njinga ndinaikoloweka kudenga, tcheni mpaka kuchita dzimbiri.

Kwa zaka zambiri ndinkati analakwa ndi okonza mpikisano. Linali bodza. Munthu wopalasa kumbuyo kwa mnzake amabisala ku mphepo, ndipo mphamvu zimene amasunga zimayandikira gawo limodzi mwa magawo atatu. Ine ndinakana kubisala chifukwa ndinkafuna kuoneka.

Manyazi a pa njinga sasankha. Mu 1989 Laurent Fignon wa ku France, amene anali atapambana kale Tour de France kawiri, anagonja kwa Greg LeMond ndi masekondi 8 okha, tsiku lomaliza, mu Paris momwe, anthu akwao akuonerera. Atapalasa milungu itatu! Koma amene anandidzutsa ndi Chris Horner wa ku America, yemwe mu 2013 anapambana Vuelta a España ali ndi zaka 41. Nditamva zimenezi ndinasowa pobisala. Ndinazengerezabe, kenaka ndinatsitsa njinga ija.

Kuyambanso kunali kowawa. Ulendo woyamba kukwera phiri la Zomba kupita ku Ku Chawe ndinatsika katatu n'kumakankha, ana ogulitsa zipatso akundiombera m'manja. Thupi la zaka 46 limachira mochedwa; ukalikakamiza lero, mawa bondo limakufunsa mlandu. Ndinaphunzira kupuma masiku awiri pa mlungu, kumwa madzi ludzu lisanafike, ndi kudya ndili pa chishalo. Chovuta kwambiri chinali kukhala kumbuyo kwa tayala la mwana wamsinkhu wa mwana wanga woyamba, n'kumamvera iye akati, "Adala, tsitsani giya."

Lero tinali 31 ndipo ine ndafika wa nambala 22. Pa Thondwe ndinayang'ana uku ndi uku kufuna bambo uja. Sindinamuone, mwina anapuma kalekale. Amene mukufunabe kunditchula Amakala pitirizani, tsopano ndimayankha.