KODI KAMNOFU KAJA KAMAPITA KUTI?

Madzulo ano tikambe za cinthu cimene cimaopsa makolo ambiri. Mwana akatupa tsaya kapena mimba, dotolo amapempha kudula kamnofu kakang'ono pa cotupaco. Pamenepo ena amathawa naye mwanayo usiku, nati, "Afuna kucita nao ciani mnofu wa mwana wanga?" Funso limeneli liyenera kuyankhidwa.

Inu a kumigodi mudziwa kuti asanakumbe mgodi watsopano amayamba aboola pansi, natenga mwala, naupereka kwa oyesa miyala kuti aone ngati muli mkuwa. Momwemonso dotolo sangadziwe mtundu wa cotupa pongociyang'ana kunja. Zotupa zina ndi za cifuwa cacikuru, zina ndi mafinya cabe, zina ndi khansa, ndipo ciriconse ciri ndi mankhwala aceace.

Kamnofuko kamapita ku nyumba yoyeseramo, yochedwa labotale. Kumeneko amakaviika m'mankhwala a formalin kuti kasaole, nakacotsa madzi, nakaumitsa m'phula longa la kandulo. Pambuyo pace makina a mpeni wakuthwa amasengako tizidutswa topyapyala koposa khungu la anyezi. Tizidutswato amatiika pagalasi, natithira utoto wabuluu ndi wofiirira. Tsono woyesa amayang'ana pa maikulosikopu, ndiwo makina a magalasi okuza zinthu zazing'ono, naona maselo. Maselo ndi tizinthu tamoyo tomanga thupi monga njerwa zimangira nyumba. M'mnofu wabwino aima m'dongosolo, koma a khansa amabalana kosalekeza, napanikizana cisawawa.

Mverani tsono zimene timinofu totere tinaulula. M'caka ca 1958 dotolo wa ku Ireland, dzina lace Denis Burkitt, wa pa cipatala ca Mulago ku Kampala, analemba za cotupa cogwira nsagwada za ana. Mu 1961 iye ndi madotolo anzace awiri anayenda pagalimoto mamailosi 10,000, kufunsa za nthendayi m'zipatala, nafikanso kuno ndi ku Malawi, masiku amenewo Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Anapeza kuti iri yocuruka m'malo otentha a mvula yambiri, koma kumapiri ozizira siioneka kawirikawiri.

Caka comweco Anthony Epstein wa ku London anamva Burkitt alikulongosola zimenezi, naganiza kuti mwina pali kacirombo. Anapempha kuti azimtumizira timinofu ta zotupazo pandege kucokera ku Kampala. Zaka ziwiri ndi miyezi anayesa njira iyi ndi iyo, osapeza kanthu. Tsiku lina mu December 1963 kunagwa nkhungu, ndege inakatera ku Manchester, ndipo botolo linafika mocedwa, madzi ace atabvunduka ngati za m'katimo zaola. Asanataye, Epstein anaika dontho limodzi pa maikulosikopu. Anaona maselo amoyo a khansa, amene anasasuka ndi kugwedezeka kwa paulendo, alikuyandama.

Pamenepo iye ndi Yvonne Barr anayamba kuwaweta maselowo coyandama m'mabotolo a madzi a cakudya, pofunda monga m'thupi la munthu, ndipo anabalana. Mu 1964, pamodzi ndi Bert Achong, anawayang'ana pa maikulosikopu a mphamvu ya magetsi, amene aonetsa tinthu tosaoneka ndi magalasi wamba. Anaona kacirombo ka mtundu wa vairasi, kamene lero kachedwa Epstein-Barr. Ndiko koyamba kupezeka kuti kathandiza kuyambitsa khansa mwa anthu.

Tsopano tidziwa kuti akuru ambiri pa dziko lonse ali nako kacirombo kameneka, osadwala konse. Bvuto limadza makamaka mwana akamadwala malungo kawirikawiri, pakuti malungo amafooketsa citetezo ca thupi. Ndico cifukwa cace nthendayi itsata malo a udzudzu. Siufiti, ndipo cotupaco sicipatsirana.

Cotupa ca Burkitt cimakula msanga koposa, mwina kuwirikiza kawiri pa masiku awiri okha. Koma cimamveranso mankhwala msanga, ndipo ana ambiri ofika nthawi yabwino amacira. Ku Lusaka kuli Cancer Diseases Hospital, cipatala ca nthenda za khansa, cimene cinatsegulidwa mu 2007.

Cotero, azibambo ndi azimai, gonekani ana m'maneti a udzudzu. Mwana akatupa tsaya, mano nagwedera popanda cifukwa, kapena mimba ikakula modabwitsa, pitani naye ku cipatala sabata yomweyo. Dotolo akapempha kamnofu, mfunseni zonse zimene ziri kumtima kwanu, ndipo mumlole. Mankhwala oyenera sangayambe woyesa asanaone pagalasi paja.

Tsalani bwino nonse.