Kansanja Kofiira Kamene Ana Anakapulumutsa

 Munandipempha kuti pa mwambo uno ndinenepo za kasungidwe ka zinthu zakale. Ndiloleni ndikutengereni kutali, ku mzinda wa New York m'dziko la America, kumene kuli kansanja ka nyali komwe mbiri yake ndimakonda kufotokozera ophunzira anga.

Ndiyambe ndi ntchito ya nsanja yotere. Usiku, kapena kukagwa nkhungu, woyendetsa sitima ya pamadzi saona miyala. Choncho pa malo oopsa amamangapo nsanja, pamwamba pake n'kuikapo nyali yophethira, kuti iye akaiona adziwe pamene ali ndipo akhote nthawi ikadalipo. Mtsinje wa Hudson, umene umayenda m'mbali mwa chilumba cha Manhattan, uli ndi malo otero otchedwa Jeffrey's Hook, pomwe miyala inalowerera m'madzi.

Kansanja ka pamenepo n'kachitsulo, kopakidwa utoto wofiira, kotalika mamita 12 okha. Kanamangidwa mu 1880 ku Sandy Hook, m'chigawo cha New Jersey, ndipo kanaunikira sitima kumeneko mpaka 1917. Atatha nako ntchito anakaphwasula, kenaka mu 1921 anadzakamanganso pa Jeffrey's Hook, kali ndi nyali komanso belu lochenjeza pa nthawi ya nkhungu.

Patangopita zaka 10, mu 1931, anatsegula mlatho waukulu wa George Washington, umene unadutsa pamwamba penipeni pa kansanjako. Magetsi a mlathowo anawalitsa mtsinje, ndipo nyali ija inangokhala ngati koloboyi woyatsidwa masana. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, nthambi ya boma yoyang'anira magombe, ya Coast Guard, inaizimitsa. Mu 1951 nthambiyo inakonza zogulitsa kansanjako pa okushoni, ndipo zinali zoonekeratu kuti wogula akanangokaphwasula. Tikanena zoona, aboma sanalakwitse masamu awo, pakuti ntchito yake inali itathadi.

Koma panali chinthu chimodzi chimene sanachiwerengere. Mu 1942 mayi Hildegarde Swift anali atalemba buku la ana lotchedwa The Little Red Lighthouse and the Great Gray Bridge, ndipo zithunzi zake anajambula Lynd Ward. M'bukumo kansanjako kamadziona kopanda pake pansi pa chimlatho, mpaka tsiku lina kukugwa nkhungu kamazindikira kuti oyenda pamadzi akukafunabe. Ana ambiri anakula akuwerengeredwa nthano imeneyi pogona. Atamva kuti kansanja kawo kali pa malonda, iwo pamodzi ndi makolo awo analemba makalata odandaula, ena mpaka kutumiza timakobidi tawo. Boma linamva. Pa 23 July 1951 linapereka kansanjako kwa akuluakulu a mzinda wa New York kuti akasunge.

Kupulumuka kokha sikunakwanire, chifukwa chitsulo chosasamalidwa chimadyedwa ndi dzimbiri. Kansanjako kanakhala zaka zambiri kali kotseka, kosalabadiridwa. Mu 1979 kanalowa m'kaundula wa malo osungidwa a dziko la America, m'zaka za m'ma 1980 kanakonzedwa, ndipo mu 2002 nyali yake inayatsidwanso. Lero anthu amachita chikondwerero m'mbali mwake, n'kuwerengera ana buku lomwe lija.

Amayi ndi abambo, pamene kansanjaka kanali pa ngozi, amene anakaimira kumbuyo anali anthu oti anamva nkhani yake adakali aang'ono. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Nafenso tili ndi zathu zimene ntchito yake inatha: chitsime chimene mjigo unachilanda malo, kachisi wa makolo amene udzu wamera, nyumba yakale ya sukulu imene denga lake likudontha. Tsiku lina adzabwera munthu ndi zifukwa zomveka zoti zichotsedwe. Ngati ana athu sadziwa mbiri yake, palibe amene adzalembe kalata.

Pempho langa n'lakuti tisanakumanenso chaka chamawa, aliyense wa ife atenge mwana mmodzi, apite naye pa malo amodzi akale a kwawo, amuuze amene anamanga ndi chifukwa chake. Aphunzitsi anzanga, tiwauze ophunzira alembe zimene amvazo, ndipo tizisunge m'sukulu zathu.